Matanga a alendo, nkhafi za eni gombe

Ukatchula Dedza, anthu ambiri amaganiza za chisanu, mbatatesi ndi phiri. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti bomali lilinso ndi gombe. Koma munthu akatsetsereka ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti, juzi amaivula osauzidwa. Minda ya mbatatesi imasiyira malo mpunga ndi thonje, malambe amayamba kuonekera, ndipo kutsogoloko, kuseri kwa madambo ndi bango la ku Mtakataka, kuli nyanja. Kuno ndi kumunsi kwa nthambi ya Nyanja ya Malawi imene imalowa pakati pa mapiri a Dedza ndi dera la Nankumba. Madzi ake ndi osazama, gombe lake ndi lathyathyathya, ndipo doko lachilengedwe palibe.

M'miyezi ya mwera, m'misewu ya kuno nthawi zina mumadutsa katundu wothamangitsa ana kudzaonerera: galimoto zokoka ngolo, pangolopo pali mathunthu awiri aatali, opyapyala, okhota ngati nthochi, pamwamba pake atagonekapo mlongoti wautali kuposa ngolo yomwe. Amenewa ndi maboti a katamarani, opita kapena ochokera ku mpikisano wa matanga wa Lake Malawi Sailing Marathon, womwe unayamba mu 1984. Mpikisanowu umanyamukira kugombe la Mangochi kulowera kumpoto, kudzera ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhotakota mpaka cha ku Chintheche, mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Tsiku limene amalinyero akuoloka kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Senga Bay, anzawo onyamula mahema, chakudya ndi zipangizo amazungulira pamtunda, ndipo njira yake ndi yodziwika: kuchoka ku Monkey Bay, kudzatulukira mumsewu wa M5 chakufupi ndi Mua, n'kudutsa Mtakataka ndi Chipoka. Anthu a kuno amawadziwa mabotiwa ali pamatayala kuposa ali pamadzi.

Sikuti thanga ndi lachilendo m'maso mwawo. Kwa zaka zoposa 160 akhala akuliona likudutsa: la ogula minyanga ndi akapolo, la azungu ofufuza malo, la amishoni, lero la ochita masewera. Aliyense wa amenewa ankabwera ndi luso lake lomanga zingwe ndi kuimika mlongoti, ndipo pochoka ankapita nalo. Msodzi wa ku Mtakataka anatsala ndi nkhafi. Ena amati n'kukanika kusintha. Koma mbiri ya zombo za panyanjayi ikuonetsa kuti msodziyo anaziona zonse, n'kukakamira chimene angathe kuchikonza yekha chikaonongeka.

Dera lino ndi lakale. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, pomwe panali likulu la mafumu a Kalonga mu ufumu wa Maravi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga, umboni woti anthu a m'chigwa chino ankagulana malonda ndi maiko akutali zaka mazana angapo zapitazo. Bwato silipezeka m'maenje otere, poti mtengo suchedwa kuola m'nthaka. Koma pamene David Livingstone anayenda m'mbali mwa nyanjayi mu 1861, analemba za midzi yothithikana, mabwato ambirimbiri ndi maukonde olukidwa ndi ulusi wa bwazi. Usodzi wotero unali utakhwima kale iye asanabadwe.

Bwato linkayambira kuphiri. Mmisiri ankakwera m'mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza, monga Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi, kukafuna mtengo wowongoka, wonenepa moti munthu mmodzi sangaukumbatire. Mbawa ndi chonya zinali patsogolo chifukwa zimapirira madzi zaka zambiri; mtondo ndi msangu zinkagwiranso ntchito. Asanaugwetse ankaugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa kuti amve ngati uli ndi mphako, chifukwa kugwetsa mtengo wobooka mkati n'kutaya thukuta pachabe. Ukagwa, ntchito inkachitikira pomwepo. Nkhwangwa inkachotsa zikuluzikulu, kenako kasemasema n'kumakumba mkati pang'onopang'ono, mapalipali akuunjikana m'mbali. Poyesa kuchindikala kwa khoma, mmisiri ankaika dzanja lina mkati lina kunja, n'kumagogoda khutu lili tcheru. Akakumba mopitiriza, khoma linkang'ambika likakumana ndi funde loyamba. Akalisiya lochindikala, bwato linkalemera, ndipo opalasa ankamutchula dzina tsiku lililonse, osati momuyamika. Pansi pokha ankasiyapo nyama yambiri dala, chifukwa ndi pamene mchenga umadya pokokera bwato kumtunda. Kulitsitsira kunyanja inali ntchito ya mudzi: zingwe za luzi, mitengo yogubuduzirapo, ndi mowa wodikira kugombe.

Kapangidwe ka bwato la panyanja ino kali ndi nzeru yake. Milomo yake imapindikira mkati, kusiya kukamwa kopapatiza moti miyendo imalowa wina kutsogolo wina kumbuyo. Wopalasa sakhala pansi m'bwatomo. Amakhala pamwamba pa milomoyo, mapazi okha ndiwo ali mkati. Mlendo akakwera amayesa chilango. Koma kukamwa kopapatizako n'kumene kumaletsa funde kulowa lonse, ndipo nsomba ikaponyedwa mkati siidumphiranso kunja. Madzi akalowa amadziwika nthawi yomweyo, poti amanyowetsa mapazi, ndipo amakapidwa, kale ndi chikho, lero ndi chigubu chodula pakati. Bwato likatembenuzika kawirikawiri silimira. Asodzi amalibwezeretsa ali m'madzi momwemo, n'kumalikankha kutsogolo ndi kumbuyo mpaka madzi ena atakhavukira kunja, mmodzi akwere ayambe kukapa.

Thanga loyamba kuzolowereka panyanjayi linabwera ndi Aswahili. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo kumeneko kunayamba kukhomedwa zombo zamatabwa zonga za kunyanja yamchere, za thanga limodzi lalikulu la makona atatu lopachikidwa pamtengo wautali wopendekeka. Mu 1863 Livingstone anapeza chombo chotere chikukhomedwa pagombelo. Katundu wake anali minyanga ndi anthu. Makanjira, mfumu ya Ayao kutsidya la kum'mawa, analinso ndi zombo zake zoolotsera pamene nyanja yapapatiza, moyang'anizana ndi gombe la Salima, ndipo mu Disembala 1891 Kaputeni Cecil Maguire wa boma la atsamunda anaphedwa pankhondo yofuna kuononga zombozo. Kwa mlimi kapena msodzi wa m'chigwa chino, thanga loonekera patali m'zaka zimenezo silinali losiririka. Linali chifukwa chothawira m'bango. Ndipo ngakhale akanalisirira, chombo chotero chinkafuna matabwa ocheka, misomali, nsalu zambiri ndi mmisiri wophunzira kugombe la Kilwa kapena Zanzibar, zinthu zimene mudzi wamba unalibe. Luso limeneli linakhazikika kumpoto, ndipo mpaka lero zombo zamatanga zimayendabe pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique.

Azungu oyamba nawonso anadalira mphepo asanadalire nthunzi. Pa 2 Sepitembala 1861 Livingstone, mng'ono wake Charles ndi John Kirk analowa m'nyanjayi pa kaboti ka nkhafi zinayi ndi thanga, kamene amtengatenga anakasenza kulambalala mathithi a Shire. Anazungulira Cape Maclear n'kutsata gombe la kumadzulo, ndipo tsiku lina namondwe anawapanikiza maola 6 ali pa nangula, osatha kupita kumtunda kapena kubwerera pakati. Mu 1866 Livingstone anabweranso wapansi, n'kufika kwa mfumu Marenga kumunsi kwa nthambi ino ya nyanja. Kumeneko n'kumene amtengatenga ake ena, Musa ndi anzake a ku chilumba cha Johanna, anamuthawa, n'kukafalitsa ku Zanzibar bodza loti waphedwa. Chaka chotsatira E.D. Young anatumidwa kudzafufuza, ndipo anabwera ndi boti lachitsulo lotchedwa Search, lopangidwa m'zidutswa zomanga ndi mabawuti kuti lizitha kusenzedwa. Anafika nalo mpaka kwa Marenga, komwe anamutsimikizira kuti mzunguyo anadutsa wamoyo. Young yemweyo ndi amene anadzalowetsa sitima yoyamba ya Ilala m'nyanjayi pa 12 Okutobala 1875, ali ndi Dr Robert Laws, n'kukamanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, kutsidya kwa nthambi yomweyi.

Nkhani imene imaonetsa bwino ukali wa madzi a kukamwa kwa nthambiyi ndi ya Bishopu Chauncy Maples. Atangodzozedwa ku London mu 1895, anafulumira kubwerera ku Likoma, ndipo m'malo modikira sitima anakwera boti lachitsulo lamatanga la mishoni, lotchedwa Sherriff. Atadutsa Monkey Bay akulowera ku Nkhotakota, mphepo inakula usiku, funde linamenya botilo chammbali, ndipo linatembenuzika chakufupi ndi gombe la Salima. Tsikulo linali 2 Sepitembala, tsiku lomwelo limene Livingstone analowera m'nyanjayi zaka 34 m'mbuyomo. Amalinyero a kuno anasambira n'kufika kumtunda. Maples, amene mkanjo wake unamulemera m'madzi, anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, ndipo manda a bishopuyo ali ku Nkhotakota. Chitsulo chikadzaza madzi sichidikira munthu kuti akape. Patapita zaka 51, pa 30 Julaye 1946, mwera yemweyo anagubuduza sitima ya Vipya kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutsikira nayo.

Kumtunda nako zinthu zinkasintha. M'zaka za m'ma 1890 Angoni a Kachindamoto, atalimbana ndi abale awo a Gomani, anatsikira ku Mtakataka. Anali anthu a ng'ombe ndi chishango, ndipo za pamadzi anasiyira Anyanja ndi Ayao amene anawapeza. Mu 1902 ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua m'tsinde mwa phiri. M'zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linateteza nkhalango ya Mua-Livulezi, ndipo mtengo wa bwato, umene kale unkangofuna chilolezo cha mfumu ndi nkhwangwa yakuthwa, unayamba kufuna chiphaso ndi ndalama. Sitima za pamadzi nazo zinali zitadya nkhuni za m'mbali mwa nyanja kwa zaka makumi angapo. Kenako mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera pa Golomoti ndi Mtakataka, ndipo Chipoka inasanduka doko pomwe sitima ya pamtunda imakumana ndi ya pamadzi. Ilala imene tikuidziwa lero inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inafika ku Beira m'zidutswa, n'kukwera njanji mpaka ku Chipoka, isanakalumikizidwe ku Monkey Bay ndi kuyamba ntchito mu 1951. Ndiye kuti anthu a pa Golomoti anaiona Ilala ikudutsa pakhomo pawo isanalawe madzi.

Chimene chinasinthadi usodzi wa kuno ndi boti lamatabwa ndi injini yakumbuyo. Nthambi ya boma yoona za usodzi inaphunzitsa amisiri kukhoma maboti ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, ndipo lusolo linafalikira m'madoko, pomwe lero amisiri amakhoma pansi pa mtengo ndi sowo, hamala ndi pulena. Injini za Seagull zinatsogola, za Yamaha n'kudzalanda malo. Asodzi ochokera kumpoto, makamaka Atonga, anatsika ndi ukonde wa chilimira kudzakhala m'madoko a kumwera, ndipo usiku nyanja inayamba kuyaka ndi nyali zokopera usipa. Koma ngakhale pachilimira bwato silinachoke: siginala, amene amatsogolera nsomba ku ukonde, amakhala yekha m'kabwato kakang'ono ndi nyali zake.

Apa m'pamene zifukwa zokanira thanga zimaonekera poyera. Bwato ndi lopapatiza, pansi pake ndi pobulungira, ndipo lilibe chilichonse cholowa m'madzi choti chilimbane ndi mphepo yokankha chammbali. Ukaimikapo mlongoti wautali wadzikumbira dzenje. Ntchito yoponya ndi kukoka ukonde imafuna kuti chombo chiime pamene siginala wanena, chitembenuke msanga, ndipo zingwe za thanga zingangokola manja ndi ukonde. Usodzi wambiri umachitika usiku kapena mbandakucha, nyanja ili bata, ndipo mwera akalusa msodzi wanzeru amatsala kumtunda kusoka matchera. Thanga limene asodzi analitenga ndi losavuta: matumba a chimanga kapena a feteleza osokedwa pamodzi, nsungwi ziwiri, chingwe cha nayiloni. Limagwira mphepo ikakhala kumbuyo basi. Ulendo umodzi limathandiza, wobwerera ndi wa nkhafi kapena wa petulo, ndipo mafuta akasowa m'dziko, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012, phindu la thanga la matumba limadziwika.

Katamarani ndi chombo cha maganizo ena. Anthu a m'zilumba za Pacific ankamanga mabwato awiri pamodzi kalekale, koma mtundu umene umadzaza mpikisano wa panyanja yathu, Hobie 16, unachokera ku California kwa Hobie Alter, mmisiri wa matabwa oseweretsa pamafunde. Iye anatulutsa Hobie 14 mu 1968, ndipo Hobie 16 inatsatira patangopita zaka zochepa. Opangidwa mpaka lero ndi oposa 100,000. Botili ndi lotalika mamita 5, lotambalala pafupifupi mamita awiri ndi theka, lolemera makilogalamu 145, ndipo mlongoti wake wa aluminiyamu ndi wa mamita 8. Pakati pa mathunthu awiriwo pali lona wokungidwa pa felemu, pomwe anthu awiri amakhala. Pali chimodzi chimene limafanana ndi bwato: linapangidwa kuti lizikokeredwa pamchenga. Pansi pake palibe chotulukira, ndipo matsigiro ake awiri amadzuka okha akagunda pansi. N'chifukwa chake limakwanira pagombe losazama ngati la kuno, pomwe boti lalikulu lamatanga lingatitimire lisanayandikire bango.

Mlongoti wa mamita 8 uja sumangidwa ndi bawuti. Umangokhala m'kambale kachitsulo pamtanda wakutsogolo, momwe umatha kuzungulira, ndipo chouimika ndi mawaya atatu: awiri m'mbali, imodzi kutsogolo yogawikira kumphuno ziwiri za botilo. Waya yam'mbali iliyonse imathera pa kachitsulo kokhala ndi mzere wa mabowo, ndipo luso lonse lagona pa bowo limene pini yalowa. Ukatsitsa pini, mlongoti umapendekera kumbuyo. M'mawa wa tsiku la mwera wamphamvu, amalinyero amaupendeketsa chotero dala, chifukwa matenda odziwika a botili ndi kubira mphuno: likathamanga mphepo ili kumbuyo, mphuno ya thunthu limodzi imalowa m'funde, boti n'kuima mwadzidzidzi, kumbuyo n'kudzuka, anthu n'kuulukira kutsogolo. Mlongoti wopendekera kumbuyo umapepuza mphunozo ndipo umathandiza kukwera molimbana ndi mphepo. Koma ukapitiriza, timagudumu tokokera thanga lalikulu timagundana thangalo lisanakungike, ndipo tsigiro limayamba kulimbana ndi dzanja mpaka phewa kuwawa. Ndiye munthu amabweza bowo limodzi, kapena amakonza kapendekedwe ka matsigiro. Mabowo amawerengedwa kuti afanane mbali zonse ziwiri, apo ayi boti limathamanga popita n'kumakwawa pobwerera. Pomaliza amakoka chingwe chokwezera thanga laling'ono lakutsogolo, chomwe pabotili ndicho chimakunga mawaya onse.

Zimene zimagwetsa mlongoti pakati pa nyanja kawirikawiri ndi zazing'ono. Kamphete kotsekera pini kakakoledwa ndi chingwe kamatseguka, pini n'kugwa. N'chifukwa chake timphete timeneti amatikulunga ndi tepi. Waya imayamba kuduka kaulusi kamodzikamodzi pamene yafinyidwira m'chitsulo, ndipo wodziwa amaipukuta ndi kansalu: pamene kansaluko kakodwa, wayayo yatha ntchito. Madzi a nyanja yathu ali ndi ubwino woti alibe mchere, motero dzimbiri silifulumira. Koma dzuwa limadya zingwe ndi ulusi wa matanga, ndipo mabampu a mumsewu amagwedeza zomangira zimene mafunde sakanazimasula.

Kusiyana kwakukulu ndi bwato kuli mkati mwa thunthu. Bwato ndi lotseguka, chilichonse chili poyera. Thunthu la katamarani ndi lotsekedwa, lopangidwa ndi zikopa ziwiri za faiba zokhala ndi thovu louma pakati, ndipo mpweya wa mkatimo ndiwo umaliyandamitsa ngakhale litagubuduzika. Pofuna kuliimikanso, anthu awiri amaponda thunthu lapansi, n'kukoka chingwe chodutsa pamwamba pa linzake atatsamira kumbuyo ndi thupi lonse. Zimenezi Maples analibe. Koma chotsekedwa chimabisanso matenda ake. Madzi amalowa mwakachetechete: pamsoko wolumikiza denga ndi thunthu, pamizati yonyamula felemu, pazomangira za tsigiro, kapena pansi pamene mchenga wapala. Boti likakhala padzuwa mpweya wa mkati umafufuma n'kutuluka. Likangolowa m'madzi ozizira umanyala, n'kuyamwa madzi pa kamng'alu kalikonse. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo madzi amenewo amathamangira kumphuno panthawi yomwe mphunoyo ikufunika kupepuka. Kumbuyo kuli kachiboo kotulutsira madzi, koma dzanja silingalowepo, diso silingaonepo.

Choncho eni maboti ambiri amachita chimene msodzi angachione ngati misala: amaboola dala boti labwinobwino. Amagula chivindikiro chapulasitiki chopotokola, cha mainchesi 4 kapena 5, chokhala ndi mphete yake ndi kamphira kotsekera madzi. Malo ake amasankhidwa mosamala. Kutsogolo kwa mzati woyamba ndi kumene denga limasenza katundu wambiri, ndipo m'maboti akale n'komwe limayamba kufewa zikopa zija zikalekana ndi thovu. Kuboola pamenepo popanda kulimbitsa n'kuitana tsoka. Ambiri amaboola kumbuyo kwa mzati wotsiriza, pafupi ndi tsigiro. Amajambula mzere ndi mphete ija, kuboola kabowo kolowetsera sowo, n'kucheka mozungulira mtima uli m'mwamba, chifukwa chochekedwa sichibwerera. Akatero amakokota thovu la m'mphepete mwa bowolo n'kudzazamo utomoni wa faiba kuti madzi asalowe pakati pa zikopa. Mphete imakhala pa silikoni wambiri, ndipo apa m'pamene ofulumira amalakwira. Denga ndi lokhota, mphete ndi yathyathyathya. Ukamanga zomangira mwamphamvu mphete imapindika, chivindikiro n'kumakana kutseguka kapena kumadontha kuposa kale. Amamanga pang'onopang'ono, mbali iyi kenako inayo, n'kudikira silikoni aume.

Bowolo likatheka, mkono umalowa mpaka m'chigongono. Chinkhupule chimafika pamene madzi abisala, zomangira za tsigiro zimaikidwa chitsulo chogwirira kumbuyo, mng'alu umamatidwa kuchokera mkati, ndipo boti likakhala kumtunda chivindikiro chimasiyidwa chotsegula kuti mkati muume. Pofuna kupeza podontha, amapopera mpweya pang'ono pa kachiboo ka kumbuyo, wina n'kumapaka madzi a sopo m'misoko yonse. Pamene patuluka thovu amalembapo ndi pensulo. Mpweyawo uyenera kukhala wochepa zedi, chifukwa pampu yamphamvu imang'amba msoko umene unali wabwino.

Msodzi wa ku Mtakataka ali ndi yake ntchito yofanana nayo, ndipo masiku ano yamuchulukira. Mbawa ndi chonya zazikulu zinatha m'mitsinje yapafupi, ndipo zotsala zili m'nkhalango zotetezedwa. Mabwato ambiri atsopano ndi a mango kapena mitengo ina yofewa, yomwe imayamba kuola patangopita nyengo zochepa. Ukayenda padoko m'mawa, asodzi atabwerako, upeza bwato litagonekedwa chafufumimba, mwini wake akulitosa ndi nsonga ya mpeni kufuna pofewa. Akapapeza amapala mpaka pa nyama yolimba, amatsindiramo thonje kapena nsanza, amathira phula losungunulira m'chitini kapena pulasitiki wosungunula pamoto, n'kuphimba ndi chigamba cha lata chokhomedwa ndi timisomali tothithikana m'mphepete. Mabwato ena zigamba zinachuluka mpaka mtengo umaoneka mwa apo ndi apo. Maboti amatabwa nawo, amene kale ankakhomedwa ndi mlombwa kapena mbawa, tsopano ambiri ndi a paini ndi bulugama, ndipo misoko yake imafuna thonje ndi phula chaka ndi chaka. Chodabwitsa n'choti luso la kasemasema silinafe m'derali. Ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa pa Mua mu 1976, ndi m'mbali mwa msewu wa Golomoti, amisiri akusemabe tsiku ndi tsiku. Kungoti chosema cha m'manja chimafuna nthambi, pomwe bwato limafuna mtengo wa zaka makumi ambiri.

N'chifukwa chake mawu oti asodzi asamukire ku maboti a faiba amamveka kawirikawiri, makamaka ngozi ikachitika kapena nkhani ya kutha kwa mitengo ikabuka. Maganizowo si oipa. Faiba siola, siifuna mtengo, ndipo boti lokhala ndi zipinda zotsekera mpweya limapulumutsa anthu. Koma olankhula zimenezi amaiwala kufunsa amene adzalikonze likang'ambika pamwala kapena likapalika pansi. Wa katamarani amayenda ndi bokosi la zipangizo m'galimoto, ndipo waya ikaduka ina imachokera ku South Africa. Msodzi amakonza ndi zimene angazipeze pamsika wa Mtakataka kapena m'mudzi momwemo: lata lakale, misomali, thonje la m'munda, phula. Utomoni wa faiba ndi nsalu yake ziyenera kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, zimafuna kusakaniza ndi mankhwala oumitsira pamlingo wake, zimakana kugwira pamalo onyowa, ndipo chitini chikatsegulidwa n'kusungidwa m'kutentha kwa Okutobala wa m'chigwa chino, utomoniwo umalimba wokha usanagwire ntchito yachiwiri.